Mlongo wa Aphunzitsi

Geresomo, mphunzitsi wa sukulu ya mishoni kwa Mlolo, ankadziwa kusiyanitsa chikondi ndi chilakolako kuposa wina aliyense m'chigwa chonse. Chikondi n'cha Mulungu, chilakolako n'cha Satana. Ankatero Lamulungu lililonse, chala chili m'mwamba. Vuto linali lakuti Esinala akamadutsa ndi mtsuko kuchokera ku Shire, mtima wa aphunzitsiwo unkangogunda osanena kuti ukugundira chiti.

Esinala anafika chaka cha nkhondo, pothawa kwa Apwitikizi, wopanda m'bale ndi mmodzi yemwe. Geresomo anali asanakwatire. Munthu wamba akanangomufunsira mbeta. Koma uyu anali wophunzira, ndiye anapemphera mlungu wathunthu mpaka anapeza mankhwala: azimutchula mlongo. Kodi munthu angasirire mlongo wake?

"Mwaswera bwanji, mlongo wanga mwa Ambuye?"

"Ndaswera, achimwene," ankayankha Esinala, maso ali pansi.

Mankhwalawo sanagwire, koma iye anangowonjezera muyezo. Anamufolerera nyumba, anamulimira mapira, anamuphunzitsa kuwerenga. Uwu ndi ubwenzi woyera, ankadziuza, uku akupesa tsitsi kachiwiri asananyamuke. Pang'onopang'ono "mwa Ambuye" uja anagwera panjira, mudzi wonse n'kumangoti mlongo wa aphunzitsi.

Panapita zaka ziwiri kuti mutu wophunzirawo uzindikire kuti ukwati anaulenga ndi Mulungu yemweyo. M'mawa wina anavala jekete kuti akalankhule ndi Esinala. Potuluka anapeza Lorenso, msodzi, atakhala pabwalo ndi malume ake, akuwomba m'manja.

"Aphunzitsi, tabwera kwa inu eni mbumba," anatero malumewo. "Mphwangayu waona Esinala. Tafunsa kuti nkhoswe yake ndani, mwini wake watchula inu."

Mwambo umati nkhoswe ikafunse kaye mkaziyo, choncho Geresomo anapita. Anamupeza akupeta mapira, omwe aja anamulimira yekha.

"Esinala," anatero, koyamba kumutchula dzina lake lokha, "munthuyu mukumufunadi?"

Esinala sanasiye kupeta.

"Zaka ziwiri ndakhala ndikudikira kuti munditchule china, achimwene. Lorenso sanapite kusukulu. Anangonena."

Geresomo zinamuwawa kwambiri, ndipo panalibe woti amunenere mlandu. Anabwerera kwa alendo aja, anakhala pansi monga akhalira mlongo wa munthu, n'kuwauza kuti Esinala wavomera.