Geji ya Alamu

Pa galaja paja anthu ankangomutcha Wamawaya, chifukwa kwa zaka makumi awiri ntchito yake inali ya magetsi a galimoto. Sanali munthu wopupuluma. Waya ankamuyeza kawiri asanamudule, mpaka anzake ankamuseka kuti akamalumikiza nyale amakhala ngati dokotala wosoka bala.

Loweruka lina masana, akusamba m'manja kuti aweruke, panafika mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake wamng'ono. Anabwera pa galimoto yake yakuda yokhala ndi tabo, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini kuti izikoka mwamphamvu. M'khwapa anapanira kabokosi.

"Alamu, mundimangire ichi lero lomwe," anatero mlamuyo. "Ndi geji ya tabo. Ndikufuna ndikaponda moto ndizidzionera ndekha kamuvi kakukwera."

"Inu mukamaona kamuvi, msewu aziona ndani?" anafunsa Wamawaya.

"Maso ndili nawo awiri, alamu."

Anaseka onse. Anali munthu wovuta kumukanira mlamu ameneyu. Mayi ake a Wamawaya atadwala, ndiye ankawanyamula kupita nawo kuchipatala sabata ndi sabata osadandaula.

Wamawaya anatsegula kabokosi kaja. Munali geji yozungulira, kapaipi kakang'ono ndi mawaya atatu. Gejiyo anaimanga pambali pa galasi lakutsogolo. Kenako anatsegula boneti, nadula paipi ya mpweya yochokera ku injini, nalumikizapo kapaipi katsopanoko. Anaboola chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu kuti kapaipi ndi waya zidutsepo. Waya wakuda anamumanga ku bawuti ya thupi la galimoto, woyera anamulumikiza ku nyale za pa dashibodi. Panatsala wofiira, wotenga moto.

Apa ndi pamene anaima. Waya wofiira amafuna fyuzi yakeyake, yoti izidukiratu moto ukachuluka, ndipo pachiboo pamafunika kalabala koti chitsulo chisamatafune waya. Anakhuthula bokosi lake lonse pa tebulo. Zonse ziwiri munalibe, ndipo sitolo ya zipangizo kutsidya kwa msewu anali atatseka kale.

"Tiisiye, tidzamalize Lolemba," anatero.

"Ayi alamu, mawa ndikukumana ndi anzanga. Ndawauza kale. Mungondilumikizira, Lolemba m'mamawa mundipeza pano musanatsegule."

Wamawaya anakanda m'mutu. Anatenga moto pa waya wamkulu wa ku injini, wofiirayo anamukulunga tepi mochindikala pamene ankadutsa pachiboo. Mlamu ataliza injini, geji inayaka, kamuvi kananjenjemera n'kukwera. Anaomba m'manja ngati mwana wogulidwa nsapato.

Lolemba mlamu sanabwere. Lachitatu Wamawaya anamuimbira foni.

"Ikugwira bwinobwino, alamu, musadandaule. Ndidutsa Lachisanu."

Lachisanu galaja inadzaza ndi magalimoto, ndipo Wamawaya nayenso nkhaniyo inamuchoka m'mutu. Ankaikumbukira akuvula nsapato kunyumba, n'kunena kuti mawa.

Patatha masabata atatu, m'mawa wina ali pansi pa lole, foni inalira. Anali mlongo wake, mawu akutuluka modukaduka. Galimoto ya mwamuna wake inawomba chipilala cha mlatho n'kuyaka. Anthu anamutulutsa ali moyo, koma atapsa miyendo ndi chifuwa.

Kuchipatala Wamawaya anamupeza mlamu wake atakulungidwa mabandeji, maso okha ndi pakamwa zikuoneka. Sanalankhule ndi munthu. Tsiku lachinayi anamwalira.

Pamaliro aliyense ankanena chimodzi: liwiro. Amalume ankapukusa mutu, anzake a malemu ankayang'ana pansi. Koma dalaivala wa basi amene anathandiza kumutulutsa anakhala pafupi ndi Wamawaya, nanena motsitsa mawu kuti iye ankabwera kumbuyo kwa galimoto ya malemuyo ndipo anaona utsi utadzaza m'galimotomo isanawombe.

"Sankathamanga kwenikweni," anatero dalaivalayo. "Ankangolimbana ndi kutsitsa galasi."

Mawa lake Wamawaya anapita kumene apolisi anakokera galimotoyo. Inali kumpanda, matayala atasungunuka, fungo la pulasitiki yopsa lidakalipo. Anagwada m'phulusa nalowetsa mutu pansi pa chiwongolero. Chiboo chake anachipeza msanga. M'mphepete mwake munali kabulungwa ka mkuwa wosungunuka komatirira ku chitsulo. Anali ataona zimenezi kambirimbiri pa ntchito za anthu ena: tepi yatha ndi kugwedezeka, waya wakhudza chitsulo, fyuzi palibe, waya wayaka kuyambira uko mpaka kuno. Anakhala chigwadire mpaka wapolisi anamufunsa ngati wataya kanthu.

Palibe wina akanadziwa. Kwa masabata awiri anapita kwa mlongo wake tsiku lililonse, kukonza loko wa pakhomo, kuperekeza ana awiri a mlongoyo kusukulu. Mlongoyo ankauza aliyense wobwera kudzapepesa kuti, "Achimwene anga ndiwo akundigwira dzanja." Mawuwo ankamulasa. Chakudya chinasiya kutsika, pa ntchito ankagwira pulayala n'kuiwala chimene amafuna kudula.

Tsiku lina anamupeza mlongoyo m'khitchini akupinda malaya a malemu n'kumawaika m'chikwama. Anakoka mpando, nakhala.

"Achemwali, pali mawu. Alamu silinawaphe liwiro."

Anafotokoza zonse, za fyuzi, za chiboo, za foni imene anaimba kamodzi kokha. Mlongoyo sanasiye kupinda mpaka malaya anatha.

"Iwo ankadziwa kuti sinathe ntchitoyo?" anafunsa.

"Ndinawauza kuti abwerenso. Koma sindinawauze kuti ingayake. Ndinkaopa kuoneka ngati ndagwira ntchito yoipa."

Mlongoyo anatseka chikwama nakhala pansi. Sanalire.

"Masiku onsewa ndakhala ndikuwakalipira mumtima kuti anasankha liwiro n'kusiya ana awo. Ndiye kuti ndimakalipira munthu wosalakwa." Anakankhira chikwamacho pambali. "Mwachita bwino kundiuza, achimwene. Koma nyamukani. Sindingathe kukuonani m'nyumba muno."

Wamawaya anatuluka. Mlongoyo sanauze apolisi, ngakhale abale a mwamuna wake. Kumapeto kwa mweziwo anasamukira ku tauni ina kumene anapeza ntchito ya m'sitolo. Wamawaya anapitiriza ntchito pa galaja pomwepo, koma nthabwala za anzake anasiya kuyankha, ndipo iwonso anasiya kumuseka. Lamulungu lililonse masana amaimba foni. Mlongoyo amayankha, amati "Dikirani," n'kupereka foniyo kwa ana.