Pini Yofiira pa Mapu a Aphunzitsi

"Wafika pati tsopano namondwe wanuyo?" anafunsa mayi telala, uku akupalasa makina osokera.

Amuna awo, aphunzitsi opuma pantchito, sanatembenuke. Anali chiimire pakhoma pomwe anapachika mapu aakulu, khutu ku wailesi, rula m'manja. Wailesi ikanena pamene namondwe wafika panyanja yamchere, iwo ankayeza n'kubaya pini yofiira pamalopo. Mapiniwo anali a mayi, otengedwa osapempha. Anali atakwana asanu ndi awiri, ali pamzere ngati nyerere.

"Akadali kutali," anatero aphunzitsi. "Mwa kuwerengera kwanga, akhotera kwina."

"Uja wa zaka zisanu zapitazo munatinso akhota."

"Anakhotadi."

"Anakhotera m'chipinda changa."

Mayiwo sankanama. Namondwe ujayo anasasula denga la chipinda chosokera ngati munthu akutsegula chitini. Lata limodzi analipeza litakulunga mtengo wa mango. Makina anachita dzimbiri mpaka mwezi wathunthu osasoka. Koma chimene chinawawawa kwambiri mayi chinali diresi yaukwati ya mwana wa eni, imene inapezeka m'khola la nkhuku la aneba, tambala ataigonera. Mkwatibwi anakwatiwa ndi diresi yobwereka, yothina m'khwapa, ndipo mayi ake mpaka lero akakumana ndi telala amayang'ana kumwamba.

Denga analibwezera, koma malata atatu anatsala akugwedera. Kamphepo kakangowomba ankaomba m'manja. Aphunzitsi ankati adzaitana kalipentala Loweruka. Maloweruka anadutsa oposa mazana awiri. Ndipo tsopano pamakinapo panali diresi ina yoyera, ukwati wake sabata yamawa.

"Abambo, misomali ili m'kabati, kalipentala ali nyumba yachitatu. Chavuta n'chiyani?"

"Mayi, sitigwira ntchito ndi mantha. Timagwira ndi manambala."

Atatero anatenga nyuzipepala n'kulowera kuchimbudzi, kumene sankatulukako msanga.

Mayi anayang'ana denga, anayang'ana diresi, kenaka mapu. Anadzuka. Anazula pini yomaliza ija, n'kuidumphitsa nyanja yonse, n'kuibaya pafupi ndi kadontho kamene aphunzitsi anakazunguliza ndi pensulo n'kulembapo kuti "kwathu". Anabwerera pamakina n'kuyamba kung'ung'udza kanyimbo.

Aphunzitsi atatuluka anaima pamapu. Anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, anawavalanso.

"Mayi! Kodi ndinabaya apa?"

"Ine manambala ndiwadziwira kuti? Ine ndi wa mantha."

Chimodzi chokha chimene bamboyu sakanachivomera ndi chakuti anaiwala zimene wachita yekha. Anayeza ndi rula, nakanda dazi. Kenaka anatuluka pakhomo ndi silipasi imodzi.

Apa mpamene zinthu zinapitirira muyeso wa mayi. Iwo ankafuna kalipentala m'modzi ndi malata atatu basi. Koma aphunzitsi anafuula msewu wonse kuti namondwe wafika pakhomo, ndipo anthu a mumsewuwo ankawakhulupirira, popeza theka la iwo anakwapulidwapo ndi rula yomweyo. Pofika masana denga lililonse linali ndi munthu pamwamba. Nyundo zinkalira mbali zonse. Wometa anazula chikwangwani chake n'kuchibisa pansi pa bedi. Mayi wa golosale anamanga denga ndi waya, n'kudulitsa nthambi ya mango imene anthu anakanganirana zaka zitatu.

Kalipentala atamaliza malata atatu aja anatsika ali thukuta kamukamu, nalowa m'nyumba pamodzi ndi wometa ndi mayi wa golosale kuti amve wailesi ya masana.

"Tiyeni timve, aphunzitsi. Kwatsala maola angati?" anafunsa kalipentala.

Phazi la mayi telala linaima pa chopalasira. Wailesi ikangonena zoona, amuna awo asanduka choseketsa cha msewu wonse, ndipo iwo adziwika kuti ndi amene anasuntha pini.

Aphunzitsi anayatsa wailesi, naiika kukhutu motsitsa mawu monga mwa chizolowezi chawo. Anamvetsera. Anayandikira mapu kuti abaye pini ina, ndipo mphuno yawo itatsala pang'ono kukhudza pepala, anaona kabowo. Kabowo kopanda pini, kutali panyanja, pamalo enieni amene wailesi inkanena. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana akazi awo. Mayi anali kalikiliki kulowetsa ulusi m'singano yomwe inali kale ndi ulusi.

"Akuti chiyani?" anafunsa wometa.

Aphunzitsi anazimitsa wailesi. "Mabatire atha," anatero. "Pitani mukamalize kukhoma. Iwe wometa, kusukulu unkasiya ntchito pakati, usayambenso lero."

Anthu atatuluka, aphunzitsi anabwerera pamapu.

"Namondwe ameneyu ndi wodabwitsa," anatero aphunzitsi. "Wayenda ulendo wa masiku awiri ine ndili kuchimbudzi."

"Mumakhalitsakonso."

"Mwandinamizitsa pamaso pa ana anga asukulu."

"Za mabatire ndinakuuzani ine? Komanso mapiniwo ndi anga. Ndimabaya pomwe ndafuna."

Namondwe anakhotadi, monga aphunzitsi anawerengera. Koma mchira wake wokha unadutsa pamsewuwo patapita masiku awiri, mphepo ndi mvula yamkuntho kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mpanda wa wometa unagwa, chidebe cha mayi wa golosale chinapita osatsanzika. Misewu ina malata anauluka ngati mapepala. Mumsewu mwawo simunachoke ngakhale lata limodzi, ndipo diresi inakhalabe youma gwa pansi pa denga losadontha.

Kutacha anthu anabwera kudzathokoza. Wometa analonjeza kuwameta aphunzitsi ulere mpaka kalekale, ngakhale pamutupo panalibe ntchito yambiri. Aphunzitsi ankangogwedeza mutu modzichepetsa, akuti, "Ndi manambala chabe, ana anga." Mayi, ali kuchipinda, anatsokomola kawiri.

Madzulo bamboyo anazula mapini onse, nawaika m'kachitini ka akazi awo, onse asanu ndi awiri.

"Chitseko chakuseri chija chikugwederanso," anatero mayi osadzutsa mutu.

"Loweru..." Aphunzitsi anayang'ana kachitini kaja. Anapita kukabati kukatenga nyundo.

Tsono inu amene muli ndi malata oomba m'manja, musachite ngati bamboyu. Si nyumba iliyonse ili ndi telala. Wailesi mverani, inde, koma muziimvera muli padenga, misomali ili kukamwa.