Mabanja Asanu pa Puloti Imodzi

Chaka chimene makuponi a ufa anayamba, Winifred ankataipa mayina mu ofesi ina ku Longacres. Sukulu anailekezera Fomu Thu atatenga mimba ya Emmy, koma pa liwiro la zala panalibe womupeza. Mafomu ankachokera kwa matcheyamani a chipani, Lolemba a ku Chelstone, Lachitatu a ku Kabwata, Lachisanu a ku Woodlands, ndipo iye ndi akazi anzake asanu ankawalowetsa m'kompyuta. Amene dzina lake latuluka pa mndandanda ankalandira kuponi. Wotsala ankakaonana ndi mitengo yokwera ya ufa ku msika wa Soweto.

Mndandanda woyesera utatuluka, dzina la Winifred munalibe, chonsecho fomu yake anaitaipa yekha. Pa Puloti 41, Woodlands, panali dzina la eni nyumba yaikulu basi. Iye ndi Emmy ankakhala kuseri, m'kanyumba ka antchito.

Masana amenewo sanadye. Anafukula mafomu a ku Kabwata n'kupeza puloti ya mabanja asanu. Pa mndandanda panatuluka banja limodzi, lija fomu yake inalowa pomaliza.

Anapita kwa Oswell, mnyamata wa kumayadi ku Kabulonga amene anakonza njira yoyendera mayinawo. Bolodi la mu ofesi mwake linali lodzaza mabokosi ndi mivi ya choko.

"Ba Oswell, mashini yanu ikudya anthu."

"Bwanji, Wini? Kompyuta silakwa. Walakwitsa ndiwe potaipa."

"Nanga imasiyanitsa bwanji banja ili na lina?"

"Nambala ya puloti," anatero Oswell akugogoda kabokosi kena. "Puloti imodzi, banja limodzi. Mafomu akabwela awili, yatsopano ifafaniza yakale. Ndiye mmene tigwilila olembetsa kawili."

"Kwanu ku Kabulonga kuli mabanja angati pa puloti?"

"Limodzi."

"Amene amakuchapilani malaya agona mu mtengo wa mango?"

Oswell anavula magalasi, n'kuwavalanso. Anati nkhaniyo waimva, koma abwana akufuna mndandanda Lolemba, ndipo kutumiza mafomu ena m'makomboni monse n'kunena poyera kuti matcheyamani sanawerenge bwino. Mawu otero masiku amenewo munthu ankayamba wayang'ana kukhomo asanawatulutse.

"Matcheyamani asiyeni, analemba bwino," anatero Winifred. Anayala fomu patebulo n'kuloza pakona. "Iyi nambala ya reji, ya pa chitupa. Munthu aliyense ali na yake. Munatiuza kuti tizilumpha, ati idya malo."

Anatola choko, n'kujambula kabokosi kake kokhota pambali pa ka puloti, n'kukokera muvi pamenepo.

"Ifafanize pokhapo reji yafanana. Puloti ikhale chabe yotiuza kumene munthu agona."

"Ndiye kuti mafomu onse ataipidwe kachiwili! Siningalole, Wini. Ika choko pansi."

Choko anachiikadi. Anabwerera ku tebulo lake, n'kufunditsa makina ake nsalu, n'kupinda manja. Barbara, wa tebulo loyandikana, anafunsa chimene chavuta. Atamva, anakayang'ana pa mndandanda puloti ya amayi ake ya ku Chelstone. Dzina lawo munalibe. Anabwerako n'kufunditsa akenso. Pofika fo koloko chipinda chonse chinali zii, mafomu a ku Woodlands ali mulu pakhomo.

Oswell anatulukira, choko chili mbuu pa buluku.

"Masiku angati?"

"Sikisi, mukatigulila mabanzi," anayankha Winifred.

Lolemba mndandanda sunatuluke. Unatuluka sabata yotsatira, wonenepa moti Oswell anaunyamula ndi manja awiri. Pa Puloti 41 panali mayina awiri.

Abwana anamuitanitsa Winifred n'kumupatsa kalata ya chenjezo chifukwa choimitsa ntchito ya boma. Anaiwerenga yonse, n'kusaina.

"Bwana, nipempha kuweluka msanga lelo. Ku shopu atseka mzele wa ufa fo koloko."