Katemera wa Jolene

Pamene namwino Loretta ankalowa ndi kathireyi ka jakisoni, Jolene anali atakwawira kale pansi pa bedi loyezerapo odwala, atakumbatira mwendo wachitsulo wa bedilo.

"Tuluka iwe, ukundichititsa manyazi!" anatero bambo ake, a Pruitt, atagwada.

"Munati tikukagula madonasi!"

Loretta anaika thireyi pambali. Ogasiti aliyense mumzinda wa Toledo zinkatero. Sukulu sinkalandira mwana wosabayitsa katemera, ndiye makolo ankabwera mothamanga sabata yomaliza, ana atawanamiza.

"Amayi, ingomugwirani manja, ine ndigwira miyendo," ananong'ona a Pruitt. "Sukulu ayamba Lolemba, ndipo kuntchito andilola m'mawa uno wokha. Muuzeni kuti sizipweteka."

"Bodza lanulo lakwana, bambo. Ndisawonjezerepo langa."

Loretta anakhala pansi penipeni n'kuweramira kunsi kwa bedi.

"Jolene, ndine Loretta. Ndabwera ndi jakisoni. Amapweteka."

Mwanayo anasuzumira.

"Kwambiri?"

"Ngati wakutsina munthu wokwiya. Kenako mkono umalemera mpaka mawa."

"Mukunama?"

"Ndikanafuna kunama, bwenzi nditasankha bodza lokoma."

"Nanga ndikakana?"

"Sindikugwira. Koma udzabweranso, chifukwa katemerayu sungamuthawe."

"Ndakana."

Loretta anadzuka n'kunyamula thireyi yake. A Pruitt anamutsekera njira pakhomo.

"Ndiye kamwana ka zaka zisanu kazilamula chipatala?"

"Mwanayu ali ndi mphumu, bambo, azibwera kuno kawirikawiri. Tikamupanikiza lero, tsiku lina chifuwa chikadzamugwira adzabisa poopa ife. Loweruka m'mawa timatsegula. Koma mumuuze komwe mukupita."

A Pruitt anatuluka akutukwana chapansipansi. Abwana a Loretta nawonso sanasangalale kuti odwala ena adikira chabe, ndipo anamuuza zimenezo pamaso pa anzake.

Loweruka Jolene analowa patsogolo, bambo ake akutsatira. Anakwera yekha pabedi n'kupinda malaya.

"Wakumanzerewu. Winawu ndimajambulira."

Singano italowa analira mokweza, mpaka kukhonde anamva. Loretta sanamuuze kuti atonthole.

"Munanena zoona," anatero Jolene akufwenthera. "Zapweteka."

A Pruitt anatambasula dzanja kuti amutsitse pabedipo. Mwanayo analiyang'ana kwa kanthawi, kenako anagwira la Loretta.