Tamva, Tiona

Atikonda anaitana achimwene ake, a Morris, kuti adzayese gemu yake nthawi ya nkhomaliro, koma mtima wake sunali pa gemu. Tsiku lomwelo, 3 koloko, abambo awo aang'ono ochokera ku Nsanje ankayenera kukumana ndi amayi ku Bangwe. Nkhani inali ya nyumba imene malemu bambo anasiya, ndipo akuchimuna ankaifuna. Amayi akanalankhula mpaka mawu kusasa, koma pamaso pa madoda aja wolemera mawu anali mwana wamwamuna yekhayo, a Morris. Ameneyo anali atanena kale kuti kuntchito ku Makata kwachuluka zochita.

Koma ya gemu yokha, munthu wamkulu ndi ndevu zake, nthawi anaipeza.

Kaofesi ka Atikonda kanali pamwamba pa shopu ya nsalu ku Limbe. Pansi oitanira maminibasi ankakuwa, ena za m'tauni, ena za Bangwe. A Morris anavula jekete n'kukokera laputopu pafupi.

"Ndiye ndipange chiyani pamenepa?"

"Dziko lanu ndi lobiriwirali, achimwene, ndipo zombo zanu ndi izi. Mumlengalengamu muli mitundu ina itatu. Yonse imayendetsedwa ndi kompyuta, koma uliwonse ndinaupatsa mtima wakewake."

Anawaonetsa Alanda, ofiira, amene amanunkhiza wofooka ali patali. Anawaonetsa Amsika, achikasu, ogulitsa mafuta kwa aliyense. Achitatu anali Odekha, abuluu, okhala ndi zombo zambiri kuposa onse ndiponso aulemu kwambiri.

A Morris anayamba mwamatama, akumanga migodi pa miyezi iwiri yozungulira dziko lawo. Posakhalitsa uthenga wa Alanda unafika: "Ndife abale. Tabwera kudzakuthandizani kusunga dziko lanu."

"Anthu abwino awa," anatero a Morris, n'kuwatsegulira njira.

Atikonda anayang'ana wotchi. Nthawi inali 2 koloko.

Zombo zofiira zinaima mwaulemu pafupi ndi mwezi woyamba. Kenako mwezi uja unafiira. A Morris anathamangira kwa Amsika, amene anawagulitsa mafuta mosangalala, n'kutembenuka kukagulitsanso kwa Alanda. Apa ndi pamene kuseka kunawathera. Anatumiza uthenga kwa Odekha wopempha thandizo, ndipo yankho linabwera msanga: "Tamva. Tiona mmene tingachitire."

Anadikira. Chombo chabuluu ngakhale chimodzi sichinasunthe. Mwezi wachiwiri unapita. Anapemphanso, yankho n'kukhala lomwelo.

"Iwe, pulogalamu yakoyi ili ndi vuto. Abuluuwa afa."

"Ali moyo. Ndinawalemba choncho."

"Zombo zonsezi angoziunjika ngati matumba mu weyahausi? Atangotumiza khumi, ofiirawa athawa."

"Athawadi. Alanda salimbana ndi munthu amene ali ndi womuimira."

"Nanga amadzuka liti?"

"Moto ukafika pa dziko lawo. Pofika nthawi imeneyo anzawo amakhala atatha."

A Morris anatsonya. Zombo zofiira zinali zitazinga dziko lobiriwira, ndipo iwo anamenya batani kachitatu mwaukali. Yankho litabwera anayamba kuliwerenga mokweza, monyoza: "Tamva. Tiona mmene..."

Analekeza pomwepo.

Mawu amenewo Atikonda sanachite kuwapeka. Anawakopera pa foni ya amayi, pamene analembedwa katatu sabata yomweyo, nthawi iliyonse amayi akapempha mwana wawo kuti abwere kumsonkhano.

Mantha anamugwira Atikonda. Achimwene ake ankawadziwa: munthu wofatsa, koma ukamuchititsa manyazi amatha mwezi osakuyankha. Mwina anali atawononga kamwayi kochepa kamene kanatsala. Pa sikirini dziko lobiriwira linkafiira pang'onopang'ono, ndipo palibe anagwira kiyibodi.

"Wandiika mu gemu," anatero a Morris motsitsa mawu.

"Eya."

"Anthu azisewera zimenezi?"

"Sadzadziwa kuti ndi inu. Ndikudziwa ndine ndekha, ndi amayi."

A Morris anayang'anitsitsa zombo zabuluu zija, zili ndii pamalo pake.

"Konza. Uwapange kuti azidzuka."

"Ndinayesa, achimwene. Ndinakhala pamenepa masiku atatu." Anatembenukira kwa achimwene ake. "Sindikudziwa choti ndilembe. Sindinawaonepo akudzuka."

Dziko lija linafiira lonse. A Morris anaimirira, natenga jekete, n'kutuluka osatsanzika. Atikonda anamva nsapato zawo zikutsika masitepe. Nthawi inali itadutsa hafu pasiti 2, ndipo misozi inayamba kulengeza m'maso mwake. Anaganiza za amayi atakhala pamkeka okha, madoda ali pamipando ya bambo.

Anapita pawindo. Achimwene ake anali ataima m'mphepete mwa msewu, jekete lili paphewa. Woitanira wa m'tauni anawagwira mkono, iwo n'kuuchotsa. Anaima choncho kanthawi, magalimoto akudutsa. Kenako anawoloka, nakaika phazi pakhomo pa minibasi ya ku Bangwe, n'kukweza maso kuwindo kuja.

"Atikonda! Ukutsika, kapena ndikayambe ndekha?"

Atikonda anatsika masitepe akuthamanga. Laputopu anaisiya yosatseka.