Dona M'chaka cha Chigodola

Masiku amenewo phiri la Zomba linali lidakavala paini mpaka m'munsi, osati dazi tikulionali. M'mawa nkhungu inkatsetsereka kuchokera ku Mulunguzi n'kudzagona pamadenga a ku Matawale, ndipo anthu otsika ndi nkhuni pamutu ankatulukira m'nkhungumo mmodzimmodzi, akununkhira utomoni. Kumapeto kwa Matawale, kumene nyumba zimayamba kutalikirana, kunali khomo la a Stephano, ocheka matabwa kuphiriko, ndi akazi awo a Selina, amene ankagulitsa masitiroberi m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri. Anali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, dzina lake Perpetua. Ndipo Perpetua anali ndi nkhumba yake.

Nkhumbayo inabwera pakhomopo ili kamwana konyentchera, mphatso yochokera kwa amalume ake a ku Jali. Perpetua anakalera yekha ndi phala la madeya mpaka kanasanduka chinkhumba choyera cha banga lakuda pakhutu. Anaitcha Dona, monga mmene makolo awo ochokera ku Mozambique ankatchulira mkazi wa bwana, ndipo dzinalo linaikhala. Madeya akakhala ouma, Dona ankangowanunkhiza n'kutembenuka, kudikira kuti awathirire madzi ofunda ndi kamchere. Abale, ndi nkhumba iti ina ya ku Matawale inkadziwa mchere?

M'chaka cha 2004, Perpetua ali Sitandade 5, tsaya lake linayamba kutupa. Onse ankayesa dzino, koma silinali dzino. Anamutumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre, kumene madokotala anati ndi khansa imene imagwira ana, ndipo mankhwala ake alipo koma ndi ankhanza. Ankapita kukalandira mankhwalawo m'diripi, n'kubwerako kudzapuma, kenaka n'kupitanso. Chotupa chinaphwa ndithu, koma tsitsi lonse linathothoka, m'kamwa munatuluka zilonda, ndipo manja ake anatsala ngati bango.

Ku wodi ya ana Perpetua anaphunzira zinthu zimene kusukulu saphunzitsa. Anamwino ankati mankhwalawo amagonetsa asilikali a m'thupi, choncho aliyense wolowa asambe m'manja, ndipo wa chifuwa aime patali. Victoria, mnzake wa pa bedi loyandikana nalo, anali atayamba kuchira bwinobwino. Ndiye kunabwera azakhali ake kudzamuona akutsokomola, anamufungatira, kumupsompsona, kumulirira ndi mtima wawo wonse. Patapita sabata imodzi bedi lija linali loyala bwino, lopanda munthu. Zimenezi Perpetua sanauze aliyense kunyumba, koma sanaziiwale.

Atabwerako ulendo wachisanu anapeza Dona ali ndi bere. M'khola sankaloledwanso kulowa, ndiye ankakhala pa kampando kunja, n'kumakanda Dona kumsana ndi kansungwi kopisa pa mpata wa mitengo. Nkhumba imatenga miyezi itatu, masabata atatu ndi masiku atatu, ndipo atawerenga pa kalendala ya ku tchalitchi anapeza kuti Dona adzaswa sabata yomweyo imene iye adzapite kukalandira mankhwala omaliza. Chimene Perpetua ankafuna pansi pano chinali chimodzi, kuona tiana ta Dona ndi maso ake. Ankatifuna mwakuti akamasanza ndi mankhwala ankangotseka maso n'kumatiganizira.

Ndiye kunagwa chigodola. Chinayambira cha ku Songani, n'kumabwera khola ndi khola. Nkhumba inkangosiya kudya, makutu n'kufiira, pakutha masiku atatu yauma. A Gilson, alangizi a ziweto, anayenda pa njinga yawo nyumba ndi nyumba kunena mawu amodzimodzi, kuti matendawa alibe mankhwala, munthu samugwira, koma amayenda pa mapazi a anthu, m'nyama ya nkhumba yodwala, ngakhale m'madzi otsukira mbale imene munali nyamayo. Anthu anamva mawu oyamba okhawo, akuti alibe mankhwala, basi n'kuthamangira mipeni. Matawale yense ananunkhira nyama yootcha, ndipo agalu ananenepa chaka chimenecho.

Loweruka lina masana Perpetua anamva mpeni ukulira pa mwala kuseri kwa nyumba. Anadzuka pamphasa n'kupita akugwira khoma.

"Ababa, mpeniwo ngwa chiyani?"

A Stephano sanadzutse mutu. "Mwanawe, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kwa a Dunstan zatha, kwa amake Luckson zayamba dzulo. Iyinso ifa basi. Bola tiiphe idakali bwino, iwe udyeko nyama ubwezere magazi."

"Koma sakudwala."

"Lero sakudwala. Nanga mawa? Tisamavutike ndi chinthu choti chikupita kale."

Perpetua anakhala pansi pafumbi pomwepo, chifukwa miyendo sinkamulola kuima nthawi yaitali. Mtima unkamuwawa, koma sanalire.

"Ababa, mukukumbuka m'basi muja, tsiku loyamba kupita ku Blantyre? Amayi ena aja anakhala kumbuyo kwathu ankayesa ndagona. Anakuuzani kuti, 'Mukungovutika bambo, ameneyu ngwakumanda.' Ndinamva ine. Nanga bwanji simunatsike nane pa Thondwe n'kubwerera?"

Mpeni unasiya kulira. A Stephano anayang'ana mwana wawo, mutu wake wosalala uja ndi maso olowa. Anapukuta mpeniwo pa kabudula, n'kukausomeka kudenga la khitchini.

Lolemba anatsika kuphiri atamanga pa njinga makungwa a paini otsala pocheka matabwa. Anamanga mpanda wachiwiri kuzungulira khola, kuti galu kapena nkhuku isayandikire, ndipo anatsekanso mipata ya mpanda wa pakhomo. Zotsalazo analamula ndi Perpetua. Pa chipata anaika beseni la madzi a jiki loti aliyense wolowa aviikemo mapazi. Jombo zakale za bambo ake zinakhala za kukhola kokha. Madeya ankayamba awiritsidwa, ndipo nyama ya nkhumba, yaiwisi kaya yophika, inaletsedwa kudutsa pa chipatapo. A Gilson atadutsa anaima, kuyang'ana, n'kugwedeza mutu, amvekere, "Mwanayu ndi amene anayenera kukwera njingayi."

Koma a Gilson sanaganizire za Lamulungu. Pa nkhani yozonda odwala anthu a ku Matawale palibe angawapose. Amakuzonda mpaka umalakalaka utachira msanga kuti upume. Itatha Misa, amayi a mphakati anabwera m'chigulu kudzapemphera ndi Perpetua. Za beseni anaziseka, koma anaviika mapazi, ena akunjenjemera ndi kuzizira kwa madziwo. Pambuyo pa onse panabwera a Juliana, amake Luckson, oyandikana nawo nyumba. Mayi ameneyu ndi amene ankamuluka tsitsi Perpetua Loweruka lililonse, tsitsilo lidakalipo. Sabata imeneyo nkhumba zawo zitatu zinali zitafa, ndipo zinayi zotsalazo anazipha mothamanga. M'manja ananyamula mbale yovindikira ndi kansalu.

"Mwanangu, ndakusankhira ya pamsana, yopanda mafuta. Ulaweko upeze mphamvu."

Perpetua anamva fungo lake ali pa kampando pafupi ndi chipata. Anaimirira n'kutsekereza njira ndi timanja take tija.

"Pepani amayi. Nyamayo isalowe."

Kwathu kuno chakudya chimene munthu wabweretsera wodwala chimalandiridwa ndi manja awiri, ngakhale sudya. Ukachikana pamaso pa anthu, ndiye kuti wanena kuti mwini wakeyo wathiramo kanthu. Ndipo pakhomo pamene mwana akudwala matenda osadziwika bwino, mawu otere amalemera kwambiri.

"Iwe Perpetua! Landira msanga!" anatero a Selina, manyazi atawagwira.

"Sindilandira, amayi. Dona afa."

Nkhope ya a Juliana inagwa. "Amake Perpetua, kodi ndi zimene mumayankhula m'nyumbamu? Kuti ine ndi amene ndikumudya mwanayu? Ine amene ndinamubereka kumsana ali khanda?"

"Ayi amayi, si inu," anatero Perpetua. "Ndi nyamayo. Munthu amatha kubweretsa matenda akukukonda."

Koma a Juliana anali atatembenuka kale, mbale yawo m'manja. Mapemphero a tsiku limenelo anali afupi, ndipo nyimbo inaimbidwa ndime imodzi yokha.

A Selina anapita kukapepesa madzulo omwewo, anapeza chitseko chotseka. Ku mpope a Juliana anasiya kuwapatsa moni. Mbiri inawanda yakuti mwana wa a Stephano matenda amupatsa mwano, ndipo ozonda anachepa. Perpetua zinamupweteka kwambiri. Ankawaona a Juliana akudutsa m'kanjira maso ali kumbali, ndipo ankalira mobisa, koma beseni sanalichotse. Masabata anapita. Kulira kwa nkhumba kumene kunkadzutsa Matawale m'mawa kunazilala khola ndi khola, mpaka kunatsala mawu amodzi okha, a Dona, akudandaula za madeya ochedwa.

Tsiku la ulendo womaliza wa ku Blantyre linafika, Lachiwiri, kunja kuli nkhungu. Ku wodi ankafuna kuti afike dzuwa lisanafike pamutu. Chikwama chinali chomanga kale, pamene a Stephano anabwera kuchokera kukhola thukuta lili kamukamu. Dona anali atasonkhanitsa udzu pakona n'kugona, akubuula ndi kukankha, koma kwa nthawi yaitali sipankatuluka kanthu. Linali bere lake loyamba. A Stephano mtengo wa paini ankaudziwa kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, koma za uzamba wa nkhumba anali mbuli yeniyeni.

"Wodziwa zimenezi kuno ndi mmodzi yekha," anatero a Selina motsitsa mawu. "Koma ine nkhope yopita nayo kumeneko ndilibe."

"Ndipita ndine," anatero Perpetua.

Anayenda pang'onopang'ono, kupumira pa mtengo wa mapeyala, mpaka anafika. Pabwalo la a Juliana sanaponde. Anagwada m'kanjira, mawondo pa mame, n'kuodira. A Juliana anatuluka ndi tsache m'manja.

"Amayi, ndinakuchititsani manyazi pa anthu. Pepani. Dona akulephera kuswa, ndipo ine ndikupita ku Blantyre."

A Juliana anayang'ana kamutu kopanda tsitsi kaja kakunjenjemera ndi mphepo ya kuphiri. Kenaka analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Perpetua anadikira, koma chitseko sichinatsekuke. Anadzuka n'kubwerera kwawo, misozi ili chuchuchu, n'kukakhala pa kampando kake kumvetsera Dona akubuula.

A Selina anali atanyamula kale chikwama pamene kunamveka odi pa chipata. Anali a Juliana, atasamba thupi lonse, tsitsi likudontha madzi, opanda nsapato. Anavala bulauzi yoyera ndi chitenje chawo cha ku tchalitchi, zovala zimene zinkatuluka m'sutikesi pa Pasaka ndi pa Khirisimasi pokha.

"Ndasanthula nyumba yonse," anatero mokalipa. "Chovala chimene sichinafikeko kukhola kwanga ndi ichi chokha. Ndikachidetsa, Ambuye akafunse iweyo." Anaponda m'beseni ndi mapazi onse awiri, nasambanso m'manja mpaka m'zigongono. "Nanga ndilowe, a dokotala?"

"Lowani, amayi," anatero Perpetua, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

A Juliana anagwada m'udzu ndi bulauzi yawo yoyerayo. Anasisita Dona pamimba akumunyengerera ngati mtsikana wa mimba yoyamba, kenaka anadzola sopo kudzanja n'kupisa. Kamwana koyamba kanali katapingasa. Anakatembenuza n'kukakoka, kanatuluka kali lende, osapuma. Anakapukuta kumphuno ndi nsonga ya chitenje, kukatikita pamsana, mpaka kanayetsemula n'kulira kamawu kakang'ono. Perpetua anali atakanikiza nkhope pa mpata wa makungwa, diso limodzi likuona zonse. Kanali kofiirira, konyowa, makutu atamatirira kumutu, ndipo kanayamba kukwawa kufunafuna bere. Posakhalitsa kachiwiri kanatuluka kokha.

"Perpetua, nthawi," anatero a Selina. "Minibasi sidikira nkhumba."

Maulendo onse asanu a m'mbuyomo Perpetua ankachita kumukoka. Ankagwira mpanda, kudandaula za singano, kupempha kuti apite mawa. Tsiku limeneli anatsanzika Dona, n'kutuluka pa chipata yekha. Anayenda m'kanjira kopita ku msewu amayi ake atamugwira dzanja, akupumira apa ndi apo. Atatsala pang'ono kufika pa msewu, anamva mawu a a Juliana akuboola nkhungu kuchokera kumbuyo.

"Perpetua iwee! Kachitatu! Kali ndi banga pakhutu!"

Perpetua anaima n'kucheuka. A Selina anaganiza kuti basi, zayambika, mwanayu akana kukwera. Koma iye anapukuta nkhope ndi mkono, n'kukoka amayi ake cha ku msewu kumene minibasi inali kuimba huta.

"Tiyeni msanga, amayi. Tikamalize mankhwalawo ndibwereko. Tina tija sindinationebe."