Piritsi Lachiwiri la a Zeferino

Mai Adélia ndinasankha nawo fodya zaka khumi ndi zinayi pa pulazi ina kufupi ndi Karoi, ndipo munthu wamakani ngati iwo sindinamuonepo. Vuto lake, makani awowo anali a chikondi, moti ukawatsutsa umaoneka woipa ndiwe.

Amuna awo, a Zeferino, anali ndi matenda akugwa kuyambira ali ku Tete. Chomwe chinkawagwira chinali mapiritsi awiri a fenobabitoni tsiku lililonse, ndipo wowapatsa anali mai Adélia, osati wina aliyense.

Chaka cha chilala chija, 1992, mapazi a bambowa anayamba kutupa, tulo n'kumawapeza paliponse: m'shedi yosankhira fodya, m'tchalitchi, ngakhale mawu ali m'kamwa. Foromani anawachenjeza kuti akawapezanso akusinza pa mulu wa fodya, ntchito yatha. Pa pulazi ntchito ikatha, nyumba ya m'komboni yathanso, ndipo kwawo nkhondo inali itasesa mudzi wonse.

Kuchipatala anawayeza magazi. Dokotala anati impso zatopa, sizikutulutsanso mankhwala msanga, choncho akuunjikana m'thupi. Analamula kuti atsitse pang'onopang'ono mpaka piritsi limodzi.

Mai Adélia anamva zawozawo. "Ndikuzidziwa izi," anandinong'oneza. "Nkhalamba akafuna kuitaya amayamba ndi kuidula phoso. Azungu a pulazi amatero, achipatala ateronso." Ndiye lachiwirilo ankalipera mobisa n'kuthira m'mahewu. Ine ndinkadziwa, koma ndinatseka pakamwa, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Mwezi wotsatira galimoto yachipatala inafika pa pulazi ndi Sisita Edina, wokulira m'komboni ya ku Raffingora, wolankhula zathu zomwe, zosakaniza ndi chinenero cha kumeneko. Anagwedeza botolo la mapiritsi, n'kuyang'ana a Zeferino atazyolika pa benchi.

"Ambuya, ko mapiritsi aenda kupi? Achepa bwanji chonchi mwezi usanathe?"

"Makoswe," anatero mai Adélia, nkhope ili gwa.

"Khoswe wake ndi ameneyu akuliza mkonono apayu?"

Tonse pamzere tinaseka, kupatula mai Adélia. Iwo anangoti: "Inu simunawaonepo akugwa, Sisita. Ine ndinawakoka pamoto ndi manja awa. Mukufuna ndiwamane?"

Sisita anawagwira dzanja n'kukhala nawo pansi. "Ndiuzeni, ambuya. Pa balani yootchera fodya, chumuni ikatsekeka, mumawonjezera nkhuni?"

"Wopusa yekha. Utsi ungabwerere, fodya yense n'kuwonongeka."

"Ndizvozvo, n'zimenezo. Impso za sekuru, amuna anuwa, zikukoka pang'ono tsopano. Piritsi ladzulo limakhala likadali m'magazi pamene mukuwapatsa lalero, ndiye limodzi likugwira ntchito ya awiri. Palibe akuwataya. Koma mukapitiriza, tsiku lina mudzawagwedeza osadzuka. Titsitsenso pang'onopang'ono monga ananenera dokotala, osawasiyitsa, ndipo akagwa mubwere nawo pomwepo."

Mai Adélia anamvera, koma mong'ung'udza njira yonse. M'shedi anakokera mpando wawo pafupi ndi amuna awo, diso limodzi pa fodya, lina pa iwo. Bambowo akangokanda khutu, mayi adzuka kale. Fodya amene anasankha masabata amenewo ndinkachita kuwabwerezera ndine. Mantha anawaondetsa, ndinawamvera chisoni.

A Zeferino sanagwe. Kusinza kunachepa, foromani n'kumangowadutsa.

Sabata lachinayi, tikupuma masana pansi pa mtengo, bambowo anayang'anitsitsa akazi awo nthawi yaitali, kenaka anakwinya nkhope.

"Mai a Januario, dzino lanu lakutsogolo lili kuti?"

Dzinolo anali atalizula Khirisimasi isanafike.

"Miyezi inayi!" anakuwa mai Adélia. "Miyezi inayi ndikukusekererani ndi mpata uwu, lero ndiye mwaona?"

"Wakuzulani ndani osandiuza ine?" anafunsa a Zeferino, atakwiya zenizeni.

Mayiwo anavula duku n'kuwakwapula nalo paphewa, akuseka, mpata wonse poyera. Kenaka anaphimba nalo nkhope, ndipo analira mpaka belu la ntchito linalira.